Mvula Yosagwa Lamulungu

Ine ndine munthu woyamba m'boma lonse la Tsangano, mwinanso m'chigawo chonse cha Tete, kutsimikiza mwa sayansi kuti mvula imapuma Lamulungu. Umboni wake ndinaujambula ndekha, wa mitundu itatu. Nzeru imeneyi inakhala ndi moyo pagulu mphindi ngati khumi, ndipo anaipha ndi mayi wina amene sanavule n'komwe chipewa chake cha njinga yamoto.

Ndiyambe ndi maphunziro anga, poti ndi aafupi. Ku institutu ya zaulimi ndinakhalako chaka chimodzi ndi timiyezi. Anzanga anabwerako ndi diploma. Ine ndinabwerako ndi komputadori yakale yoyaka pokhapokha ili pa magetsi, ndi luso limodzi: kusandutsa manambala kukhala grafiko. Mundipatse manambala alionse, ngakhale a nkhuku zakufa ndi chitopa, ndikuimikirani timizati tokongola, masiku pansi, nkhuku m'mbali, mutu pamwamba.

Amalume anga, alongo awo a mayi, amalima mbatatesi ku Ntengo-Wambalame ndipo ndi mkulu wa mpingo. Kwa zaka zitatu ankayeza mvula ndi chitini chokhomera pa mtengo kuseri kwa nkhokwe. M'mawa uliwonse ankaviika regwa, kathabwa koyezera ka mwana wa eskola, m'chitinimo, n'kulemba mamilimetro m'kaderno, n'kutaya madziwo. Palibe anawatuma. Mlangizi wina wakale anangowaonetsa kamodzi, iwo n'kuchitenga ngati udindo.

Ndiye kunamveka kuti gulu la alimi lilandira choyezera mvula chenicheni, chagalasi, chokhala ndi mizere yake, chimodzi chokha, ndipo a tekinika, mayi wa zaulimi woyenda pa njinga yamoto, adzasankha khomo loti chikaimikidwe. Amalume anachifuna chinthucho monga ena afunira ng'ombe yamkaka. Anandiitanitsa.

"Iwe, paja unaphunzira zojambula manambala zija?"

"Ndinaphunzira, amalume."

"Zinazo zinakukanika, koma izi unaphunzira?"

"Izi zokha."

"Chabwino. Undijambulire kadernoyu, mayi uja akaone kuti pano pali munthu."

Ndinapita nayo ku vila ya Tsangano, kwa mnzanga wometa tsitsi amene ali ndi magetsi. Masiku awiri ndinakhala pakona, tsitsi la anthu likugwera pa mabatani, ndikulowetsa manambala m'pulogalamu ya matebulo. Grafiko yoyamba inali ya mvula ya mwezi ndi mwezi, yachiwiri yofanizira zaka zitatuzo. Zinali zolondola, zosasangalatsa, ndipo zikanakwanira. Koma munthu wosiyira sukulu panjira sakhutira ndi mapepala awiri. Ndinauza pulogalamuyo kuti isonkhanitse mvula yonse potsata masiku a sabata.

Timizati tisanu tinatuluka tofanana msinkhu ngati ana a kalasi imodzi. Ka Lolemba kanatalika kuwirikiza anzake. Pa Lamulungu panalibe kanthu. Zaka zitatu, ngakhale dontho.

Wometa uja anasuzumira, makina ali m'manja. "Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti kumwamba kulinso ndondomeko," ndinatero. Ka Lolembako ndinakapaka kofiira.

Ku institutu anatiuzapo kuti grafiko ikakudabwitsa, usathamangire kuuza anthu, yamba wakafunsa amene analemba manambala. Ndikukumbukira bwino kuti anatiuza. Ndinali m'kalasi tsiku limenelo, zomwe sizinkachitika kawirikawiri.

Msonkhano unachitikira pabwalo la eskola, alimi atakhala pa mabenchi a ana, mawondo ali m'zibwano. Amalume anavala jekete la ku tchalitchi. A tekinika anafika mochedwa, matope mpaka m'mawondo, n'kulandira mapepala anga ataimirira. Loyamba anagwedeza mutu. Lachiwiri anati, "Muito bem, bambo, mwagwira ntchito." Amalume anakonza kolala. Lachitatu analiyang'ana nthawi yaitali.

"Wajambula ndani?"

Ndinaimirira, n'kufotokoza modekha, ndi mawu a Chipwitikizi pamene panafunika kulemera, kuti kwathu kuno mvula sigwa Lamulungu, ndipo imabweza ngongole yake Lolemba. Amayi ena kumbuyo anati ameni. Bambo wina anati iye chaka chatha ananyowa Lamulungu pochokera ku maliro, koma anzake anamuuza kuti akhale chete, pakuyankhula ophunzira.

A tekinika anapempha kaderno. Anatsegula masamba angapo, chala chikutsika.

"Bambo, Lamulungu mumayeza nthawi yanji?"

"Lamulungu sindiyeza, mayi. Kuyeza ndi ntchito."

"Nanga ziro uyu?"

"Mlangizi uja anati tisamasiye mzere wopanda kanthu. Ndiye ndimalembapo ziro, kuti pakhale paukhondo."

"Madzi a Lamulunguwo amapita kuti?"

"Amadikira m'chitini. Ndimawapeza Lolemba."

A tekinika sanaseke, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ziro ndi kusayeza ndi zinthu ziwiri zosiyana, komputadori sizidziwa, koma munthu woigwiritsa ntchito amayenera kudziwa. Ndinavomera ndi mutu ngati tikugwirizana pa za munthu wina.

Kenaka anafunsa amalume mwaulemu ndithu: chikabwera choyezera chatsopano, angamayeze masiku onse asanu ndi awiri? Ndi kamphindi chabe, m'mawa, asananyamuke.

Ndinawayang'ana amalume. Akanangoti inde, chinthucho chinali chawo, pakuti panalibe wina wa kaderno ngati yawo. Anayang'ana pepala langa lija, kamzati kofiira kali njo, anthu onse a mumpingo wawo ali pa mabenchi kudikira.

"Iyayi, mayi. Ndisakunamizeni."

"Palibe wina pakhomo angayeze?"

"Pakhomo panga Lamulungu ndi la tonse."

Choyezeracho chinapita kwa bambo wina wa kutsidya kwa dambo, amene sanapondepo m'tchalitchi chikwatirireni. Akuti amayeza mokhulupirika, ngakhale pa Natale, tsiku la Khrisimasi.

Pobwerera tinayenda mtunda wonse, amalume patsogolo, ine pambuyo ndi komputadori kumsana. Pafupi ndi nyumba anaima.

"Mapepala awiri aja anali abwino," anatero. "Lachitatulo anakutuma ndani?"

Ndinati palibe.

"Ndimaona."

Chitini chija chikadali pa mtengo, ndipo akuyezabe. Kusintha kwake n'kumodzi: pa Lamulungu tsopano amajambulapo kamzere m'malo mwa ziro, monga anawalangizira a tekinika asanakwere njinga yawo. Kaderno sanandipatsenso.

Mapepala awiri oyamba, akuda ndi oyera, analipira amalume. Lachitatulo, poti linali la mitundu ndiponso nzeru zanga, ndinalipira ndekha ku reprografiya, kosindikizira mapepala: vinte metikaishi, makumi awiri athunthu.