Madontho Atatu a Evaristo

Inu amene mwakhala pansi chifukwa munalephera kamodzi, tamvani za Evaristo wa ku Ntengo-Wambalame.

Mkuluyu ankakweza matumba a mbatata ya kachewere m'malole pa msika wa Tsangano mpaka msana unakana. Kuchipatala anamuuza mosapsatira kuti akangonyamulanso thumba, wonyamulidwa adzakhala iyeyo. Sukulu anaisiyira pa desima, kalasi yakhumi, atalephera kawiri. Kunyumba kunali mkazi wake Dulce ndi ana atatu, onse odya bwino.

Ndiye bungwe la alimi linatsegula kachipinda koyezera dothi, n'kumafuna munthu mmodzi yekha. Evaristo ndi ena angapo analembetsa kuti aphunzire ntchitoyo. Ntchito yake yooneka ngati masewera. Usungunule dothi m'madzi, utape madziwo pang'ono ndi kagalasi kowonda kotchedwa pipeta, uwathire m'kapu, kenako udonthezemo mankhwala katatu. Mtundu umene madziwo asanduke ndiwo umaulula kuchuluka kwa asidi m'mundamo.

Koma manja a Evaristo, abale inu, anali mafosholo. Tsiku loyamba lomwelo anathyola mapipeta awiri. Atafinya kabotolo ka mankhwala, onse anatuluka nthawi imodzi, ena n'kuthovukira pa chovala choyera cha dona Stella, mphunzitsi wawo.

"Três gotas, a Evaristo, madontho atatu basi! Simukuthirira dimba pano."

Anamuuzanso kuti mayeso adzakhalako pakatha mwezi, ndipo akadzalephera asadzaonekenso pakhomopo.

Chimunthu chonsecho chinafika kunyumba misozi ili chuchuchu. Dulce, amene ankayenda m'midzi kupereka katemera wa chitopa ku nkhuku, anaseka mpaka kugwira khoma. Atatha kuseka anamupatsa kabotolo kake ka katemera n'kumuuza kuti mawa apitira limodzi. Lamulo linali lakuti nkhuku iliyonse ilandire dontho limodzi m'diso, chifukwa kabotolo kamodzi n'ka nkhuku zana.

Nkhuku yoyamba anaisambitsa nkhope yonse. Tambala wina anamujompha pamphuno, mphunoyo n'kutupa ngati phwetekere, ndipo anzake a kumalole anayamba kumupatsa moni wa kokoliriko. Zinkamuwawa mumtima, tisanamizane. Komabe m'mawa uliwonse ankatsatira mkazi wake. Anaphunzira kukhala pansi, kutsamiritsa chigongono pa bondo, kugwira mpweya, n'kufinya ngati akuopa kudzutsa khanda. Pofika sabata yachinayi, Dulce ankangokhala pamthunzi kumadya nzimbe.

Tsiku la mayeso linafika. Anzake opikisana nawo anaima mwaulemu pa tebulo, koma iye anapempha kampando, n'kuika chigongono pa bondo. Anatapa madzi ndi pipeta osaithyola. Kenako onse anamumva akunong'oneza kapu ija monga ankachitira ndi nkhuku zamantha:

"Khalani phee, mayi, sizipweteka."

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Iye osatembenuka. Dontho linagwa, lina linagwa, lachitatu linagwa, chala n'kuima. Madzi anasanduka achikasu chofiirira. Anayerekeza ndi pepala la mitundu n'kunena kuti ndi sinku, ndiye kuti nambala faifi, dothilo lili ndi asidi wambiri. Dona Stella anayeza ndi makina, n'kupeza sinku yemweyo. Modabwa anamufunsa kumene anakagula manja atsopanowo.

"Kapu sijompha, dona Stella."

Lero alimi amabwera ndi dothi m'timapepala kuchokera mpaka ku Chidzolomondo, ndipo anzake a kokoliriko aja amaima pamzere n'kumamutchula kuti senyoro Evaristo, ngati bwana. Thumba sanalinyamulenso.

Ndiye inu amene akuuzani kuti manja anu sayenera ntchito yabwino, osataya mtima. Pukutani misozi, mukafune nkhuku zanu, ngakhale zikujompheni pamphuno.