Chogwirira cha mfuti pa supuni

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndinkasamalira okalamba m'makomo mwawo ku Barking. Amene sindiwaiwala ndi madala ena achingelezi, kalipentala wopuma ntchito, amene ankakhala okha ndipo ankadwala matenda onjenjemeretsa manja.

Tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kuliyatsa liwiro. Pabalaza panali kabati yagalasi, m'katimo muli mfuti za m'manja ndandanda, zija timaziona m'mafilimu a makauboyi. Ndinaimbira foni mnzanga wa ku Lusaka amene ankawasamalirapo kale, iye n'kungondiseka.

"Iwe, ni zakufa izo! Banavala mipope, na ma papers yaliko. Yenda ubapase chabe breakfast."

Zinalidi zakufa, mipope yake yotsekedwa, zosawombera, monga lamulo linkafunira. Madalawo mtima wawo unali pa chogwirira. Mfuti iliyonse ankaichotsa timatabwa tiwiri tomwe inabwera nato n'kusema tawotawo, kupala ndi tupa mpaka tikhale m'dzanja ngati tinamera momwemo. Ine mfuti ndimadana nazo mpaka lero, koma ntchito imeneyo ndinkaisirira, sindinama.

Mfuti za mtundu umenewu zimafuna kuti uyambe wakoka kachitsulo kakumbuyo ndi chala chachikulu. M'mawa uliwonse, ndisanawapatse mankhwala, ankatenga yomwe ankaikonda kwambiri n'kukoka. Kachitsuloko kakalira kuti ke-ke-ke, ankandiyang'ana mokhala ngati mwana wakhoza mayeso.

"Ndikadalipo, sisitala."

Sanali masewera ayi. Mwana wawo wamkazi anali atanena mosapsatira kuti akadzalephera kudya okha adzawapititsa kunyumba yosungirako okalamba, ndipo kumeneko mfuti sizilowa, kaya zamoyo kaya zakufa. Nanenso ndinawachenjezeratu kuti mwanayo akandifunsa sindidzamunamiza.

M'mawa wina chala chija chinakana. Anayesa, anayesanso, kachitsulo kali duu. Sabata yomweyo supuni inayamba kuwapulumuka, phala n'kumathera pamalaya. Mwana wawo anati abwera Lamlungu kudzaona yekha. Ine mtima unandiwawa, mpaka ndinayamba kuwafunsira kwa anzanga za nyumba yabwinoko.

Lachisanu ndinawapeza atayala zida zawo patebulo, pambali pali supuni ndi mfuti yawo yapamtima ija.

"Lero manja ndi anu, mutu ndi wanga," anatero. "Masulani kabawuti ako."

"Bambo, mwaiona bwinobwino mfuti imeneyi?"

"Masulani, sisitala, mwachedwa."

Ndiye munthu kulamula kwake! Ndikapala pang'ono, akuti ndalumitsa tupa. Ndikagwira chonchi, akuti kodi kwanu simunagwirepo chida? Ndinapsa mtima ndithu, ndinawauza kuti ine ndinaphunzira zosamalira odwala, osati ukalipentala. Anangoseka. Tinaboola supuni ija, tinaipana pakati pa timatabwa tiwiri tija, n'kumanganso kabawuti. Mfuti inabwerera m'kabati ili chitsulo chokhachokha, yomvetsa chisoni ngati nkhuku yosola.

Koma supuniyo! Inali yolemera, yonenepa, ndipo inkakhala ndendende m'dzanja lomwe anasemera timatabwato kalekale manja ali olimba. Chala chachikulu chinapeza pake pakale, chinakhazikika.

Lamlungu ndinapita ngakhale sinali shifiti yanga. Mwana wawo anawaikira mbale ya supu n'kukhala moyang'anizana nawo, manja atapinda. Dzanja linkanjenjemerabe, supu wina anatayikira patebulo, koma supuni sinagwe. Anamwa pang'onopang'ono mpaka mbale inayera. Mayiyo anayang'ana supuni, anayang'ana m'kabati, kenako anatulukira kukhitchini. Ndinamumva akumina.

Madalawo anakhalabe m'nyumba mwawo mpaka tsiku lawo linakwana, mfuti zawo zili pomwepo. Kachitsulo kaja sanakakokenso. M'mawa ndikalowa ndi mankhwala ndinkawapeza atakhala kale patebulo, phala lili patsogolo, n'kundikwezera supuni m'mwamba.

"Ndikadalipo, sisitala."