Tsiku limene amalume analira maliro a munthu wamoyo

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu inakhala yaulere, ana tinasefukira mpaka pansi pa mitengo ya mango kwathu kumapiri a Dowa. Ine ndinali Sitandade 6, mlongo wanga Yosefe ali Sitandade 2. Yosefe anali ndi bala pamsongolo lomwe linakana mankhwala onse a kumudzi. Ankayenda ndi ndodo, ntchentche zili pambuyo. Amayi ankafunitsitsa kupita naye kuchipatala ku Mtengowanthenga, koma kunali kutali, ndipo ngolo m'mudzi monse inali imodzi yokha, ya amalume, a Kamphinda.

Amalumewo anali oumira osati masewera. Anthu ankati akadatha, utsi wa fodya wawo akadamaubwezera m'thumba. Njinga yawo ikafika pamatope ankainyamula paphewa. Amayi akapita kukagwada, yankho linali lomwelo: "Ng'ombe zatopa, mlongo. Balalo thirani mchere, mwana sachedwa kupola." Chonsecho iwo ndiwo anali mwini mbumba.

Teremu ikutha, aphunzitsi athu anatisimbira nkhani ya m'buku lina lakale la Azungu, ya bambo woumira yemwe mtima unamufewa ataonetsedwa imfa ya kamwana kodwala ka wantchito wake. Anati tichite sewero pa tsiku lotsekera sukulu. Kamwana kodwalako sitinavutike kukafuna, Yosefe anali kale ndi ndodo yake. Ine ndinakhala mayi wake.

Koma maliro a m'bukumo ife tinawaona ouma. Maliro anji opanda masamba pamsewu? Osauza aphunzitsi, tinathyola nthambi n'kuziyala mopingasa njira yodutsa pasukulu, monga timachitira kukagwa zovuta. Yosefe tinamugoneka pamphasa, tinamufunditsa chitenje mpaka kumutu, n'kumuopseza kuti akangogwedezeka aona zakuda.

Nthawi yolira itakwana, dzina lachizungu la mwanayo linandithawa. Ndinangoyamba, "Yosefe ine! Yosefe wapita!" Ndipo misozi inabwera yeniyeni, chifukwa mantha amenewo ndinali nditawasunga mumtima miyezi yambiri. Atsikana anzanga anandilandira kulirako.

Ndi pomwe amalume anatulukira kuchokera kumsika, za sewero asakuzidziwa. Ataona masamba anatsika njinga n'kuvula chipewa. Kenako anamva mawu anga. Njinga ija inagwera m'fumbi, iwo osaicheukira n'komwe. Anang'amba khamu la makolo, nadzigwetsa pamphasa.

"Mayo ine, mbumba yanga! Ndapha mwana ndine! Ngolo ili pakhomo, ng'ombe zili m'khola, ine n'kumakaniza!"

Aphunzitsi anayesa kuwakoka malaya, koma ayi ndithu. Yosefe anapirira ngati mwamuna, mpaka zinamukulira. Chitenje chinavundukuka.

"Amalume, mwandikhalira pabala."

Amalume analumpha ngati aponda moto. Phwete linaphulika, amayi ena mpaka kugwirana mapewa, ndipo sewero linathera pomwepo. Iwo anatola chipewa, anasasa fumbi, n'kunena kuti ana a matipate alibe mwambo. Koma maso anali psuu.

M'mawa mwake tinamva kulira kwa mateyala pakhomo. M'ngolo amalume anali atayala udzu ndi bulangete lawo lenileni. Ng'ombe anakusa okha ulendo wonse. Kuchipatala adokotala anauza amayi kuti tikadachedwa pang'ono, mwendowo ukadadulidwa.

Masiku ano mwana akadwala timangoimbira wa kabaza, njinga yamoto n'kufika madzi asanawire, ndipo amalume ambiri mbumba zawo amazionera pa foni. Athu aja kuumira sanasiye, ndisaname, anafa nako. Koma pa maliro awo enieni, amene anasenza bokosi kutsogolo, kukwera nalo chitunda chonse cha kumanda osalola womulandira, anali Yosefe, pa miyendo yake iwiri.