Kabokosi Kodzuka mu 1970

Inu amene mwatopa ndi kuyesa, khalani pansi ndikuuzeni za Machaja.

Tsiku limene timabokosi take tonse tinabwezedwa kuchokera m'zipatala, anakhala pakhonde la ofesi n'kulira. Abwana sanakalipe. Anangoti, "Lachisanu tikaonanso zomwezi, tisiyana bwinobwino."

Dzina la Machaja analipeza pamsewu. Mayeso atamukana, mtsikanayu ankagulitsa machaja a foni pokwerera basi, ndipo makasitomala akasowa ankadziphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta pa laputopu yong'aluka galasi. Kenako kampani ina yaing'ono inamutenga mongomuyesa. Kampaniyo imapanga timabokosi tolemba kuzizira kwa mafiriji a katemera m'zipatala.

Ntchito yake inali imodzi: kulongedza pulogalamu yofunsa nthawi pa intaneti, kuti kabokosi kazidziwa tsiku ndi ola. Kabokosi kalibe mphamvu yodzimangira pulogalamu, ndiye umaimangira pa kompyuta yaikulu, n'kukatumizira phukusi lotha kale. Zili ngati kusokera mwana malaya iye kulibe.

Patebulo pake zonse zinkayenda. Koma kuzipatala, eee! Kabokosi kankalemba kuti lero ndi chaka cha 1970. Anamwino anakana. Akhulupirira bwanji firiji yonena za chaka chomwe iwo anali asanabadwe?

Machaja anamanganso phukusi lija, kusintha apa, kusintha apo, cholakwika osachiona. Lachitatu anatenga kabokosi kamodzi kupita nako kwa azakhali ake, komwe ankakhala. Atafika anakalumikiza kumagetsi n'kukaikira nthawi ndi dzanja mwachizolowezi, osayang'ana n'komwe.

M'mawa mwake azakhali, pofuna kusita, anazula pulagi ya kabokosi n'kulowetsa ya simbi.

"Azakhali! Mwandizimitsira ntchito!"

"Iwe, kanthu kako kophethiraka kaposa malaya anga? Ndatha, bwezera."

Atakayatsa, 1970 ija n'kutulukira. Machaja anaseka mpaka azakhali anada nkhawa kuti mutu wasokonekera. Cholakwika chija anali atachiona. Ku ofesi timabokosi sitinkazimitsidwa, ndipo nthawi yake anali atayiika kale ndi dzanja. Kompyuta yake ili ndi kabatire kosunga nthawi, kabokosi kalibe, kakazima kamaiwala zonse n'kubwerera ku 1970, pomwe makina otere amayambira kuwerenga nthawi. Pulogalamu ija nayo ikaona kusiyana kwa zaka zambiri chonchi imaganiza kuti yanamizidwa, n'kudzitseka. Mtsikana wathu anayezera malaya pa thupi la kompyuta yake.

Anawonjezera m'phukusi lamulo loti kabokosi kakangodzuka kalandire nthawi, kaya kusiyana kukule bwanji, ndipo kasalembe kanthu nthawiyo isanakhazikike.

Lachisanu, abwana ali chilili, Machaja anazula yekha pulagi. Abwana anagwira mutu. Atabwezera, kabokosi kanaphethira n'kulemba tsiku lolondola.

"Zulanso."

Anazula, anabwezera. Chimodzimodzi.

"Lolemba ubwere ndi kapu yako ya tiyi," anatero abwana. "Izikhala konkuno."

Pakhonde lomwe lija analiranso, koma ulendo uno chinali chimwemwe chokhachokha.

Lero timabokosi take tili m'zipatala, ndipo anamwino amatidalira. Aliyense wobwera kumene ku ofesiko, Machaja amamuuza kuti, "Usanandiuze kuti zatheka, zula pulagi." Azakhali nawo sapuma kudzitama kwa anansi kuti injiniya weniweni m'nyumba muja ndi iwo.

Mwina nanunso zakuzimirani, mwadzuka osadziwa kuti muli pati. Musataye mtima, abale anga. Amene ankagulitsa machaja uja anangotsala pang'ono kutola chikwama n'kubwerera pamsewu. Yesaninso kamodzi, Lachisanu lanu lisanakwane.