Kamera Yokajambulira ku Mbenji

Ntchito yojambula zithunzi sindinachite kuifunsira. Ndinapita ku situdiyo ya a Kamwendo ku Senga Bay kukajambulitsa kachithunzi ka theka koti ndimate pa kalata yofunsira ntchito pa loji ina, poti ndinali nditatopa ndi kuthamangitsa mbalame m'munda wa mpunga wa makolo anga ku Chinguluwe. Nditakhala pampando ndinaona kuti nsalu yoyera ya kumbuyo yapendekeka, ndipo ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinawauza. Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Ndiye dzuka uikonze." Ndinaikonza. Kuloji kuja sanandiitane mpaka lero, koma a Kamwendo anati ndibwere Lolemba.

Miyezi yoyamba kamera ndinkangoigwira poipukuta. Ntchito yanga inali kusesa, kudula zithunzi za theka, kutchaja mabatire, ndi kuchotsa fumbi pa lenzi ndi kapampu ka mphepo ndisanaipukute ndi kansalu kofewa. Tsiku lina anandipeza ndikuuzira lenzi ndi pakamwa. Sanakalipe, anangoti, "Malovu ako sindinawalembe ntchito." Sindinabwerezenso.

Makamera analipo awiri. Yoyamba inali DSLR yakale imene anaigula kwa mlendo wina amene ankabwerera kwawo. Tinkaitchula kuti Nkhalamba. Inali yolemera, lamba wake wothetheka, ndipo ikamajambula inkamveka kuti khwa. Sensa yake, kagalasi ka m'kati kamene kamalandira kuwala, inali yaikulu, motero ngakhale m'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono nkhope zinkatuluka zosalala, kumbuyo kukufafanizika bwino. Batire lake linkapirira kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani atatha. Vuto lake linali limodzi: inali ndi lenzi yaifupi yokha, ya 18-55, yosaona patali. Lenzi yaitali a Kamwendo anali nayo kale, koma inachita nkhungu m'kati chifukwa cha chinyontho cha kunyanja.

Yachiwiri inali yatsopano, ya mtundu umene amati buriji. Lenzi yake sichoka, koma ukakankha kabatani ka zumu imatuluka n'kumatalikabe, n'chifukwa chake tinkaitchula kuti Chitamba. Ukaima pamchenga unkatha kuwerenga dzina la boti lili pakati pa nyanja. Koma sensa yake inali kakang'ono ngati chikhadabo, moti kuwala kukangochepa chithunzi chinkadzaza timadontho timene ife timati mchenga. Batire lake linalinso ladyera, ndipo linali limodzi lokha. Ine ndinkainyoza, ndinkati ndi chikomekome cha mkuyu, choseweretsa alendo ojambula mbalame.

Kunena zoona, Nkhalamba ndinkaikondanso pa chifukwa china. Mtsikana ukafika paukwati, anthu amayang'ana kumbuyo kwako kufuna kuona ngati ojambula enieni akubwera. Koma ndikakoleka chinthu cholemeracho m'khosi, n'kumveka khwa ija, ngakhale ankhoswe ankandipatukira.

Tsiku lovuta linabwera m'nyengo ya mwera. Kusitudiyo kunafika mayi wina dzina lake Hawa, wa kwathu kunyanja konkuno koma wokhala ku Joni, amene anabwera kudzaona makolo kwa kanthawi kochepa. Bambo ake, a Saidi, anali msodzi wa ku Mbenji. Anatulukako tsiku limodzi kudzamulonjera, iye n'kuwajambula pa foni, kenako anabwerera kuchilumba. Anationetsa zithunzizo. Pa chilichonse a Saidi anali ataima njo, atavala jekete, manja m'mbali, nkhope yolimba ngati akuweruzidwa mlandu.

"Ababa akangoona kamera amauma chonchi," anatero Hawa. "Ana anga sanawaonepo. Amandifunsa kuti agogo amakhalira okwiya bwanji. Ndikufuna chithunzi chimodzi chokha ali pantchito yawo, asakudziwa. Basi ndikukwera Lachiwiri, ndipo sindikudziwa kuti ndidzabweranso liti."

Aliyense wa kuno amadziwa kuti pa Mbenji munthu wamkazi saponda. Ndi lamulo la makolo, limodzi ndi loletsa mowa pachilumbapo, ndipo silikambirana. Ntchitoyi inkayenera a Kamwendo, koma Loweruka, tsiku loti ulendowo uchitike, anali ndi ukwati woti akajambule ku Khombedza, ndipo eni ukwatiwo anali atanenetsa kuti akufuna eni situdiyo, osati kamtsikana. Masiku enawo boti limene Hawa anapeza linali ndi ulendo wina. Choncho Hawa anati tipite awirife, tikajambule tili m'boti.

A Kamwendo anaika makamera onse awiri patebulo. "Sankha. Yotsalayo ndipita nayo ine."

Hawa analoza Nkhalamba. "Asisi, mutenge yaikuluyi. Anzanga ku Joni amati zithunzi zenizeni zimatuluka mu zoterezi."

Dzanja langa nalo linkafuna yomweyo, chifukwa ndinkaidziwa ngati khasu langa. Koma ndinafunsa kuti boti adzalilola kufika pati. Hawa anati mwina ngati kuchokera pa situdiyo kukafika pamsika, ndipo tikayandikira kuposa pamenepo bambo ake adzatizindikira. Ndinatuluka panja ndi Nkhalamba, ndinaloza kumsika, n'kupotokola lenzi mpaka pa 55. Mayi wogulitsa tomato anaoneka ngati kanjere ka mpunga. Ndinabwerera n'kunyamula Chitamba.

Nkhope ya Hawa inagwa. A Kamwendo anangoti, "Wasankha wekha. Zikakanika usadzanamizire kamera."

Loweruka m'mawa tinatsika minibasi pa Khombedza n'kukwera njinga zamoto mpaka kudoko. Kumeneko tinayamba taonana ndi akomiti oyang'anira za usodzi. Mkulu wina anatimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Kuzungulira zungulirani. Koma boti lisagunde mwala, ndipo phazi lanu lisaponde. Lamuloli ife tinalipeza." Woyendetsa boti, a Juma, anavomera, nati, "Tibwerako bwino, inshaallah."

Mwera unali utachepa koma sunagone. Kamera ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuifungatira pansi pa chitenje, chifukwa madzi ankathovukira m'boti. Ulendo unali wautali. Titayandikira tinalandiridwa ndi fungo la utaka wouma pa thandala ndi utsi wochokera m'misasa ya udzu. Amuna anali balalabalala pamiyala, ena akuyanika nsomba, ena akusoka maukonde. A Juma anachepetsa injini. Hawa anatambasula khosi, kenako analoza. "Uko, pansi pa mtengo uwo. Ovala kofiya yoyera."

Ndi maso ndinkangoona kadontho koyera. Ndinayatsa kamera, ndinazungulitsa gudumu la pamwamba n'kuika pa S kuti liwiro la shata, kachitseko kolowetsa kuwala, ndisankhe ndekha, ndipo ndinaika 1/1000, poti pamadzi chilichonse chimayenda. Ndinayatsa chochepetsa kunjenjemera, n'kusankha kuti ndikadina kamodzi izijambula zambiri motsatizana. Sikirini ya kumbuyo sinkaoneka ndi dzuwa, ndiye ndinaika diso pa kabowo koyang'anira, zimene zinathandizanso kuti kamera itsamire pachipumi. Kenako ndinatulutsa zumu yonse.

Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti kuona patali kuli ndi mtengo wake. Zumu ikatuluka yonse, kugwedezeka pang'ono kumakula ngati chivomerezi. Funde likanyamula boti ndinkaona mtambo, likatsitsa ndinkaona madzi. A Saidi ankangodutsa m'diso langa ngati mbalame. Zithunzi zochepa zimene ndinawapezamo zinali zosaoneka bwino, ndipo nditaziyang'anitsitsa ndinazindikira kuti si mafunde okha. Injini inkanjenjemeretsa thabwa limene ndinakhalira, kunjenjemerako n'kukwera m'zigongono mpaka mu lenzi.

"A Juma, tazimitsani injini."

"Achemwali, ndikazimitsa mphepoyi itikankhira kumiyala."

"Pang'ono pokha."

Anazimitsa n'kutenga nkhafi. Chithunzi chinadekha, koma boti linayamba kutsetsereka kulowera kuchilumba, ndipo nkhafi imodzi sikanalimbana ndi mwera. Ndisanawapeze n'komwe a Saidi, amuna amene anali pamwala wa kutsogolo anaimirira n'kuyamba kukupiza manja, akufuula kuti tibwerere. Hawa anawerama n'kudziphimba kumutu. A Juma anakoka chingwe cha injini, tinathawira kunja.

Tinachita zimenezi mobwerezabwereza: kutuluka ndi injini, kuzimitsa, kutsetsereka, kuthawa. Nthawi iliyonse amuna a pamwala aja ankakwiyirakwiyira, ndipo ine ndinkaopa zinthu ziwiri, kuti boti ligunda mwala tipalamule mlandu wa mudzi wonse, kapena kuti phokosolo lidzutsa mutu wa a Saidi aone mwana wawo. Akanangomuona, akanaimirira njo, ulendo wonse n'kupita m'madzi. Kenako kachizindikiro ka batire kanasanduka kofiira. Hawa anali atasanza kale kawiri m'mbali mwa boti. Anapukuta pakamwa, nati, "Mukanatenga yaikulu ija bwenzi pano tili kumtunda."

Mawu anafika pakhosi, ndipo anali ambiri. Ndinawameza. Mayiyu anali atadwala, anali ndi mantha, ndipo ndinalibe chilichonse chomuonetsa.

A Juma anati ulendo wotsatirawo ndi womaliza, chifukwa mphepo ikukula ndipo iwo ali ndi dzina loti aliteteze padoko. Ndinazimitsa kamera kuti batire lipume mpaka injini itazima. Ndinatsika pathabwa n'kukhala pansi penipeni pa boti, m'madzi momwemo, msana nditatsamira thabwa, zigongono pa mawondo. Ulendo uno sindinathamangire zumu yonse. Ndinaitulutsa theka, ndinapeza mtengo uja, ndinatsika ndi thunthu lake mpaka pa kofiya yoyera, kenako ndinaitalikitsa pang'onopang'ono osawataya. Ndinali nditaonanso kuti boti likafika pamwamba pa funde limaima kaye kanthawi lisanatsike. Ndinasiya kulimbana ndi mafunde, ndinangodikira kanthawi kameneko.

Ndinawaona bwinobwino. Anali atakhala pansi, ukonde ataukola ndi chala chachikulu cha kuphazi kuti ukungike, singano yosokera ili m'manja. Mnzawo wina anadutsa atasenza beseni, n'kuwauza kanthu. A Saidi anagwetsa mutu chagada. Boti linakwera, linaima, ndipo ndinadina osachotsa chala. Kamera inathamanga pang'ono, kenako m'diso munada bii. Batire linathera pomwepo, chitamba chili panja.

"Mwawapeza?" anafunsa Hawa.

"Sindikudziwa, mayi."

Sindinaname. Ndinali nditaona ndi diso, koma zimene diso laona ndi zimene kadi ya m'kamera yasunga si nthawi zonse zimagwirizana. Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wopita. Ndinakhala ndi chitenje chonyowa, kamera yakufa pamiyendo, ndikudzifunsa ngati ndawonongera mayiyu mwayi wake wokhawo.

Tsiku lotsatira, nditachoka kutchalitchi, tinakumana kusitudiyo. A Kamwendo analowetsa kadi mu kompyuta n'kuyamba kudutsa. Mtambo. Madzi. Nthambi. Mwendo wa munthu wosadziwika. Kofiya yopanda nkhope. Hawa anali ataima kumbuyo kwathu, chikwama chili kale paphewa. Chakumapeto kwenikweni kunatuluka zithunzi za mphindi ija. Zambiri zinali zogwedezeka, koma chimodzi chinagwira. A Saidi anali akuseka pakamwa ponse, mpata wa dzino ukuoneka, maso atatsinzina, ukonde uli kuphazi.

A Kamwendo anachikuza pa sikirini n'kuchiyang'ana ngati dokotala. "Chili ndi mchenga. Tikachikuza kwambiri chiphwasuka. Koma cha pa fulemu ya patebulo chituluka." Kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira, ndipo ndinakulandira.

Hawa sanamve n'komwe za mchengazo. Anatsitsa chikwama, anakhala pampando wojambulira, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenako ananena motsitsa mawu kuti, "Ndiye kumeneko amaseka." Anatiuza kuti sukulu yake yonse analipirira ndi utaka wa pachilumba chimenecho, koma bambo ake kunyumba ankafika otopa, kudya, kuswali, n'kugona. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, nati, "Alihamudulilahi. Asisi, mundikhululukire za dzulo." Ine mtima unakhala pansi, koma ndinamumveranso chisoni kwambiri.

Lero ndili ndi makamera anga, ndipo achinyamata ofuna kuyamba ntchitoyi amandifunsa kawirikawiri kuti agule iti, DSLR yakale kapena buriji yatsopano. Amayembekeza kuti nditchula imodzi. Ine ndimawafunsa kuti, "Kumene muzikajambulako, akakulolani kuima pati?" Ngati ndi m'tchalitchi, m'holo, pafupi ndi nkhope za anthu, tengani yakaleyo, sidzakuchititsani manyazi mumdima. Ngati pakati pa inu ndi munthuyo pali madzi, mpanda kapena mwambo, sensa yaikulu sikuthandizani kanthu. Safunsa anadya phula. Ndipo musamafulumire kudandaula akakuimikani patali, chifukwa anthu ena ukawayandikira amabisala. Hawa anakulira m'nyumba imodzi ndi bambo ake, koma kuseka kwawo anakuona koyamba pa chithunzi cha mchenga, chojambulidwa pamalo pamene iye saloledwa kuponda.