Mbewu ya Mawere ya Apongozi Anga

Mowa wa pa m'meto wa malume a amuna anga unatuluka wotuwa ngati phala la mwana, ndipo wochititsa ndinali ine.

Apongozi anga, a Nabanda, amafulula ndi chimera cha mawere basi. Amati cha chimanga n'cha thobwa, mowa wake sukhala ndi mphamvu ngakhale maonekedwe. Ulendo umenewo anandipatsa ine mawerewo kuti ndiviike. Anamera bwino, ndipo ndinawayanika pamphasa kuseri kwa nyumba. Kenaka mwana wanga Tadala anadziipitsira, ine n'kupita kukamusambitsa. Pobwera ndinapeza mbuzi zitatu zili pamphasa, theka latha.

Ndinali ndi chimera changa cha chimanga m'chidebe. Ndinasakaniza n'kuthamangira nacho kuchigayo ku Nsaru apongozi asanaone.

Tsiku la mowa mkulu wina analawa n'kufunsa, "Kodi a Nabanda, mwayamba kufululira ana asukulu?"

Anthu anaseka. Apongozi analawa kawiri, nkhope itagwa.

"Ndi mawere angawa," anatero. "Mbewu yakalamba. Eti amake Tadala, munaona m'mene anamerera?"

"Eya amayi, anamera mofooka," ndinayankha. Ndinafika mpaka popukusa mutu ngati wachisoni.

Mbewu imeneyo anachokera nayo kwawo ku Kabudula pokwatiwa. Mvula itayandikira anaithirira nkhuku yonse, n'kundituma ineyo kukagula ina kumsika. Ndinapita, mwana ali kumsana. Mpaka lero amauza anthu kuti mpongozi wawo amadziwa kusankha mbewu.