Bambo Kuwabara Athawa Nyimbo

Bambo Kuwabara anatha zaka makumi atatu mu labotale ku Okayama, m'dziko la Japan, akuweta mabakiteriya. Ankafufuza kachidutswa ka chibadwa cha mabakiteriyawo kamene kamadzidula kokha pa ulusi wa chibadwacho, n'kulumikiza nsonga zotsalazo, kenako n'kukadzilowetsa pena.

Chimene ankaopa pamoyo wawo chinali kuyimba pagulu. Paphwando lowatsanzika ku hotela ina, onse atakhala pansi pamzere, maikolofoni itayamba kuzungulira, anasolola pilo wawo wokhalira n'kuzemba. Anzawo awiri a m'mbali anasenderana osazindikira, mzere n'kutsekeka bwinobwino.

"Kodi mwini phwando walowera kuti?" anafunsa Mayi Hirose, mlembi wa labotaleyo.

Mayiwo anakawapeza m'chipinda china momwe munali phwando la ukwati, atadzilowetsa pakati pa achibale a mkwati wosamudziwa n'komwe, akudya nsomba mwamtendere. Pomwepo mkwatiyo anawapatsira maikolofoni.

"Amalume, yatsala nyimbo yanu."